Kugona m'thiraki injini itazimitsidwa: yambani ndi hita, za kutentha muganize mofatsa

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kugona bwino m'thiraki popanda kusiya injini ikulira usiku wonse, popeza abwana anu akudandaula za mafuta pamene inu mumavutika ndi kutentha miyezi ina, miyezi ina n'kumavutikanso ndi chisanu. N'zotheka ndithu, koma mavuto awiriwa muwasiyanitse, chifukwa kuthana ndi kuzizira sikulira ndalama zambiri, pamene kutentha kumalira ndalama komanso mabatire amphamvu.

Abwana anuwo sakudandaula pachabe. Injini ya thiraki yaikulu ikamalira galimoto itaima imamwa pafupifupi malita 3 a dizilo pa ola, ndiye kuti tulo ta maola 8 timatha malita oposa 20 tayala lisanasunthe. Palinso kuwonongeka kosaoneka msanga, chifukwa injini yolira pang'onopang'ono sitentha mokwanira, dizilo sapsa bwino, ndipo mwaye umadzaza mu DPF, sefa ya utsi ya mathiraki amakono, mpaka nyali yochenjeza kuyaka pa dashibodi.

Pa nkhani ya kuzizira, pemphani hita ya dizilo yoika pansi pa bedi, monga zimene amapanga a Webasto kapena a Eberspächer. Imakoka mafuta pang'onopang'ono m'thanki, imawawotchera m'kachipinda kotsekeka, utsi n'kutulukira kunja, ndipo kafani kake kamaponya mpweya wofunda m'kebini. Ya 2 kW imakwanira, ndipo ngakhale ili pa mphamvu yonse imamwa pafupifupi kota ya lita pa ola. Aike ndi makaniko wodziwa ntchitoyi, amene angaonetsetse kuti paipi ya utsi yatalikirana ndi polowera mpweya. Poizimitsa gwiritsani ntchito batani lake, musadule magetsi, chifukwa fani imayenera kuzungulirabe kwa mphindi zingapo kuti iziziritse mkati mwake. Muziiyatsanso kamodzi pamwezi ngakhale kukutentha, ndipo nthawi zina muziikweza mpaka pamapeto kuti mwaye upse, popeza hita yozolowera kuyaka motsika imatsekeka n'kuyamba kufuka. Dziwaninso kuti hita yotere imafunditsa inu osati injini, choncho kumadera kumene madzi amaundana pamafunika ina yofunditsa madzi a injini, pamodzi ndi dizilo wa nyengo yozizira.

Mbaula ya makala kapena sitovu ya gasi isalowe m'kebini usiku ngakhale kutazizira bwanji. Zimenezi zimatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene sununkha, ndipo munthu wogona sadzidzimuka nawo. Kaalamu ka mpweyawu kakhale pafupi ndi bedi, ngakhale mutaika hita yabwino.

Kutentha ndiye kovuta, ndipo ndikulangizani kuti muyambe ndi zosalira ndalama. Imikani pamthunzi ngati ulipo, kutsogolo kwa galimoto kusaloze kumene dzuwa likuwalira. Tsekani galasi lakutsogolo ndi chophimba chonyezimira, chifukwa kutentha kwambiri kumalowera pamenepo. Mukatsala pang'ono kufika pogona, tsegulani katani ya kubedi eyakoni (makina oziziritsa mpweya) ili pa mphamvu yonse kuti matiresi ndi makoma zizizire, kenako mukaima tsekani kataniyo kuti malo ofuna kuziziritsidwa achepe. M'mathiraki amene kebini ili pamwamba pa injini, pansi pamakhala potentha kwa kanthawi mukangoima, choncho ndi bwino kuyamba mwakasamba ndi kudya musanakwere kukagona. Fani ya 24V ndi timaneti ta pamawindo toletsa udzudzu zimathandiza kwambiri usiku wotentha pang'ono. Zoziziritsira zothira madzi zija musazidalire kwenikweni, chifukwa zimagwira ntchito kumene mpweya uli wouma, koma kwachinyontho zimangokuwonjezerani thukuta.

Zimenezi zikalephera, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi eyakoni yoyendera mabatire, yoika padenga kapena kumbuyo kwa kebini, monga za Dometic. Imaziziritsa bwino ndipo siichita phokoso lalikulu, koma moyo wake uli m'mabatire. Ikhale ndi mabatire opirira kutsitsidwa kwambiri, makamaka akeake, komanso chipangizo chodula magetsi mphamvu ikatsika, kuti m'mawa injini ithe kulira. Apa m'pamene ambiri amagwa m'mbuna: amagula eyakoni n'kuiwala kuti mabatirewo amadzazidwa ndi alternator galimoto ikamayenda. Ngati mumayenda maola ambiri tsiku lililonse, njirayi ndi yabwino. Koma ngati mumakhala masiku awiri kapena atatu pamzere podikira mapepala kapena katundu, usiku wachiwiri mabatire adzakhala atafooka.

Kwa munthu wodikira motero, choyenera ndi APU, kainjini kakang'ono ka dizilo komangirira pa chassis, monga TriPac ya Thermo King, kamene kamayendetsa eyakoni n'kumadzazanso mabatire, kakumwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Ndi yokwera mtengo, imawonjezera kulemera, ndipo imafuna sevisi yake ya oyilo ndi malamba, choncho sindingailimbikitse kwa amene amaima usiku umodzi wokha.

Usiku wina kumatentha moti zonsezi sizikwanira, ndipo pamenepo lizani injini osachita manyazi, chifukwa dalaivala wosagona ndi woopsa pamsewu kuposa malita amene apulumutsidwa. Mukamakakambirana ndi abwana, pemphani makaniko awerenge pa kompyuta ya galimoto maola amene injini yalira itaima, muwachulukitse ndi malita 3, kenako muyerekeze mtengo wa dizilo ameneyo ndi mtengo wa hita ndi wa eyakoni.