Msuweni, za QI ndi ZA zija

Halo, msuweni... ndikumveka? Dikira kaye nditseke chitseko, ana akusokosa. Eya.

Funso lako pagulupu ndaliona. Wati mnyamata wako anakuikira QI ndi ZA pa Scrabble, masewero opanga mawu ndi zilembo pabolodi aja, usiku wathawu, ndiye ukufuna kudziwa ngati ndi Chingerezi chenicheni kapena wakubera mapointi. Hahaha! Iwe amene unkatinyadira ndi Chingerezi cha m'mphuno, lero mwana wa Fomu 3 wakugoneka pansi? Usadandaule, alamu sindiwauza. Kaya amva okha, poti ali pagulupu pomwe pano.

Mwanayo sanabe. QI ndi mawu ochokera ku China, amanena mphamvu ya moyo imene amati imayenda m'thupi. ZA ndi chidule cha pizza. Onsewo ali m'buku la Collins Scrabble Words, limene amatsata pamipikisano kuno ku Africa ndi ku Britain. Q ndi mapointi 10, Z ndi 10, ndiye akaziika pabokosi lochulukitsa katatu, mmm, munthu umangogwira pakamwa. Ngakhale KWACHA ilimo, TAMBALA ilimo, NGWEE ya ku Zambia ilimo. Ukamubwezere ndi zimenezo.

Koma usanatseke... ukuwakumbukira amalume? Ayi, osati abambo ako, ndikunena bambo ako aang'ono, akunjanji aja. Holide imene tinakhala kwawo ku Limbe, chaka cha nkhani ya njinga ija. Ee, usaseke, tonse tikudziwa amene anaikwera.

Munthu uja Loweruka likafika samalankhula ndi aliyense mpaka atamaliza crossword ya m'nyuzipepala, masewero odzaza mawu m'timabokosi aja. Pensulo kukhutu, tiyi akuzizira pambali, dikishonale yawo yopanda chikuto ija atamanga ndi mphira wa chubu. Tsiku lina akazi awo anang'amba tsambalo n'kukolezera mbaula, kutatsala mawu atatu... kapena awiri, kaya. Amalume sanakalipe. Anangovala jekete, kuyenda wapansi mpaka kumsika, kukagula nyuzipepala ina, n'kuyambiranso kulemba kuchokera pa nambala 1. Nsima inawapeza ali pomwepo pakhonde.

Ndiye anali ndi kope lija, lachikuto chofiira. Mawu aliwonse atsopano ankawalemba kumanzere, tanthauzo kumanja, m'munsi chiganizo chopeka okha. Ndipo ziganizozo zinali za ife! Pa VEX, kukwiyitsa munthu, analembapo dzina lako. Ndinaona ndi maso angawa, usakane. Pa FRUGAL analembapo agogo, chifukwa cha shuga wotsekera m'sutikesi uja.

Madzulo ankatulutsa Scrabble yawo yakale. Mukhala zilembo 100, koma mwa iwo zina zinasowa, ndiye anadula katoni ya sopo n'kulembapo ndi bolopeni. E ya katoni unkaizindikira ndi chala ili m'thumba momwemo, achimwene ako ankabera pamenepo. Koma ukaika mawu pabolodi, amalume ankagwira dzanja lako usanawerenge mapointi. "Tanthauzo?" Ukanena, "Chiganizo?" Ukachita chibwibwi, chotsa zilembo zako, mwayi wadutsa. Ine ndinkalira, iwe unkathawira kukhitchini. Iwo ankati crossword ndi imene inawaphunzitsa zimenezo, chifukwa kumeneko amayamba akupatsa tanthauzo, iwe n'kusaka mawu ake. Scrabble imangofunsa ngati mawuwo ali m'buku, basi.

Ndipo ndi zoona, ukhoza kupambana osadziwa chimene waika. Pali bambo wina wa ku New Zealand, Nigel Richards. Mu 2015 anapambana mpikisano wadziko lonse lapansi wa Scrabble ya Chifalansa, chonsecho Chifalansa salankhula. Anangoloweza mawu a m'buku. Chaka chomwecho Wellington Jighere wa ku Nigeria anatenga chikho chadziko lonse lapansi cha Scrabble ya Chingerezi ku Perth, ku Australia, munthu woyamba wa mu Africa kutero. Ndiye masewerawa si achibwana ayi, ali ndi eni ake.

Nanga ndimati chiyani... eya. Msuweni, ine ndimakudziwa. Iwe za QI sizikukuwawa. Chikukudya ndi chimene unandinong'oneza kuchinkhoswe kuja, kuti malikisi a Chingerezi a mnyamatayu atsika, MSCE ili pafupi, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi siituluka. Ukuona akuswera pabolodi ndi pafoni kusaka timawu ta zilembo ziwiri, ndiye mumtima ukuti kodi ndimulande? Ndi limenelo funso lako.

Usamulande. Mwana amene amakhala yekha n'kumasanthula mawu popanda womukakamiza ndi wosowa masiku ano. Masewerawa akumuphunzitsa kalembedwe kolondola, akuona yekha kuti mawu amatalika ukawonjezera RE kapena UN kutsogolo, ING kapena ED kumapeto. Chimene sakumupatsa ndi tanthauzo. XU ndi ndalama ya ku Vietnam, AA ndi miyala yokhakhala ya chiphalaphala cha phiri lophulika, koma mu kompozishoni adzazilemba pati? Wolemba malikisi akufuna aone mwana akudziwa kusiyana kwa BORROW ndi LEND, kwa ADVICE ndi ADVISE. Ndiye iwe ubweze lamulo la amalume. Aika mawu, anene tanthauzo, apeke chiganizo. Walephera, achotse.

Wandimva? Bolodi isiye patebulo, koma mapointi asamalembedwe tanthauzo lisananenedwe. Umugulire kope la masamba 40 lomweli, azilemba mawu amene mwakumana nawo usiku umenewo, ndipo dikishonale ikhale pambali. Ya Oxford ya ana asukulu ija ikwanira. Iwenso lamulolo likukhudza, usamati ndine kholo.

Komanso Lamlungu muzichitako crossword awiri, ngakhale ya pafoni, kuti azolowere kuyambira ku tanthauzo. Mfundo yanga ndi yomweyo, asewere ndithu, koma mawu aliwonse awafotokoze. Timawu tachilendo tija awasunge a mpikisano, tsiku lina adzapita nawo patali.

Kope lofiira lija ndikukhulupirira lili kwa achemwali ku Balaka, m'katundu amene anagawana pambuyo pa sadaka. Achemwali, ngati mukumvera, tajambulani masamba angapo mutiponyere pano, makamaka la VEX. Ndathamanga, ndiwo zikupserera.