Burashi yabwino simuipeza pa intaneti, mlongo wanga

Mlongo wina wa ku Katete wandilembera imelo. Akuti amajambula mu Illustrator, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, ndipo akufuna kudziwa komwe angatsitse maburashi aulere, timafayilo topatsa mzere maonekedwe a burashi yeniyeni, oti zilembo zake zizioneka ngati zolemba pamanja. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinangokhala duu, chifukwa funsoli landikumbutsa manyazi anga.

Ine ntchito ya zikwangwani ndinaiyambira kwa amalume anga, kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Kompyuta analibe. Anali ndi zitini za penti, parafini wotsukira, ndi maburashi atatu okutha, ina atachita kuimeta ndi lezala kuti izilemba mopendekera. Yanga inali yogwira makwerero basi. Akamalemba dzina la golosale pakhoma, penti inkawathera m'burashi pa chilembo chomaliza, mchira wake n'kutsala timizeremizere ngati papalasa nkhuku. Ine ndinkati alakwitsa. Lero timizere tomweto ndi timene anthu akusakasaka pa intaneti.

Nditadziwa kompyuta ndinayamba kudzimva. Ndinatsitsa maburashi ambirimbiri, bandulo n'kumangothera momwemo. Chaka china, kutatsala milungu iwiri kuti anthu akhamukire ku Mtenguleni ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, kasitomala anandipatsa ntchito ya chinsalu chachikulu, m'mphepete monse muzungulire mikondo ndi zishango. Ndinapanga pattern brush, burashi yobwereza chithunzi motsatira mzere, mwaphuma, magetsi asanazime, n'kutumiza kosindikiza. Chinsalu chitabwera, m'ngodya zonse zinayi munali mbee, mopanda kanthu. Sindinkadziwa kuti burashi yamtunduwu ili ndi timabokosi tisanu: ka m'mbali, ka ngodya yakunja, ka ngodya yamkati, ka poyambira ndi ka pothera. Ine ndinadzaza kamodzi kokha. Amalume anayang'ana, n'kungoti, "Mphwanga, kuthamanga si kufika." Anatenga burashi yawo yometa ija n'kujambula zishango zinayi pamanja. Kasitomala anayamikira ngodyazo kuposa china chilichonse, ine ndili chilili pambali.

Ndiye ndinene mosabisa. Maburashi otsitsa atiwonongera ntchito. Yendani mu Chipata muno muone mapositala a misonkhano ya tchalitchi, mapulogalamu a maliro, masikipa a timu za mpira. Mzere wake ndi umodzimodzi, wochokera m'dzanja la munthu amene Chipata sanamuonepo. Eni ake ena amaloleza kuwagwiritsa ntchito kunyumba kokha, osati pa malonda, koma ndani amawerenga zimenezo? Ine ndinafufuta onse, ndipo sindiwasowa.

Komanso chenjerani ndi bristle brush, yotsanzira ubweya wa burashi yeniyeni. Pa mitundu isanu ya mu Illustrator, kuphatikiza calligraphic, scatter, art ndi pattern, imeneyi ndiye imalemetsa fayilo kwambiri, chifukwa mzere uliwonse ndi mulu wa tizidutswa toonekera mkati. Laputopu yakale ngati yanga imayamba kulira ngati chigayo. Nanga za Illustrator yomweyo, yolipira mwezi ndi mwezi, Kwacha yathu ikuvina chonchi? Inkscape, pulogalamu ina yojambulira, ndi yaulere, ndipo ana amene ndimawaphunzitsa ndimawayambitsira kumeneko.

Nanga mupange bwanji?

Tengani pepala loyera ndi penti yakuda, mukoke mizere khumi, penti isachuluke. Jambulani ndi foni pamthunzi. Mu Illustrator chitani Image Trace, yosandutsa chithunzicho mizere, kenako Expand, muchotse zoyera. Sankhani mzere umene wakusangalatsani, muukokere mu Brushes, amene amatseguka ndi F5, n'kusankha Art Brush. Pa Colorization ikani Tints kuti mtundu uzisintha, apo ayi izingokhala yakuda. Stretch Between Guides imateteza mutu ndi mchira kuti zisatamuke. Mu Inkscape ndi Trace Bitmap, kenako Pattern Along Path. Musanapereke kwa odula masitika chitani Expand Appearance mu Illustrator, kuti burashiyo isanduke mizere yoti makina adule.

Yanga imene ndimaikonda ndinaitcha "Malume 2". Inachokera pa katoni ya sopo pamene amalume ankapukutirapo burashi yawo. Iwo sadziwa n'komwe. Loweruka ndikupita kukawaona, ndanyamula shuga ndi mapepala oyera, mwina andikokerako mizere ina maso akawalola.