Funsani Akatswiri: Kodi Cessna ya ku Mfuwe Ingatere pa Ascension?

Funso: Mlamu wanga ali ndi ndege yaing'ono, Cessna 206, imene amanyamulira alendo ku Mfuwe. Akuti akufuna kuwoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku Brazil, akapumire pachilumba cha Ascension. Ine ndamva kuti bwalo la kumeneko ndi la asilikali. Kodi munthu wamba amaloledwa kuterapo? (Wowerenga wa ku Kapata, Chipata)

Yankho: Mwamva zoona, bambo. Bwalo la pa Ascension, lotchedwa Wideawake, linamangidwa ndi asilikali a America mu 1942, ndipo mpaka lero amaliyendetsa ndi iwowo pamodzi ndi RAF (asilikali a ndege a ku Britain), ngakhale chilumbacho chili pansi pa Britain. Munthu wamba angatere, koma atapempha kale ndi kuloledwa.

Zilolezo zake ndi ziwiri. China chimachokera kwa asilikali, cholola ndege kutera, chimene oyendetsa ndege amachitcha PPR. China ndi cha munthu aliyense wokwera, chochokera ku boma la chilumbacho ku Georgetown. M'kalata yopempha alembe nambala ya ndege (za kuno zimayamba ndi 9J), mtundu ndi kulemera kwake, maina ndi mapasipoti a onse, inshuwalansi, chifukwa cha ulendo, komanso tsiku ndi ola lofikira pa UTC (nthawi imodzi imene oyendetsa ndege amatsata padziko lonse). Apemphe kudakali masabata ambiri. Ambiri amaphonya apa: amayesa kuti flight plan (ndondomeko ya ulendo imene woyendetsa amapereka kwa olondolera ndege) ikalandiridwa ndiye kuti aloledwa. Ayi. Nambala ya PPR ndiyo chilolezo, ndipo imalembedwa mu flight plan momwemo. Nyengo ikawachedwetsa tsiku limodzi, adziwitsenso asilikaliwo asananyamuke.

Koma mapepala si amene akutidetsa nkhawa. Ndi mafuta. Cessna 206 imanyamula malita pafupifupi 330, imamwa malita 55 mpaka 60 pa ola, ndipo imathamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola. Werengani nokha: pofika makilomita 1,400 matanki auma. Gombe la Africa loyandikira kwambiri lili pa makilomita 1,600. Choncho pafunika thanki yowonjezera m'kati, mipando itachotsedwa, ndipo ntchito imeneyi iyenera kuvomerezedwa ndi a Zambia Civil Aviation Authority, pakuti ndegeyo imanyamuka italemera kupitirira muyeso wake.

Akafika, adzamwetsa chiyani? Injini ya 206 imafuna avgas 100LL (petulo wa ndege za mapisitoni), pomwe mabwalo a asilikali ngati limeneli amasunga mafuta a jeti, monga Jet A-1. Asayese kusakaniza. Injini ya mapisitoni ikamwa Jet A-1 imalira bwinobwino pansi, koma akangoipatsa mphamvu zonse ponyamuka mafutawo amaphulika nthawi isanakwane, mapisitoni n'kupsa, ndege ili pamwamba pa madzi. Njira yake ndi kutumiziratu madiramu a avgas pa sitima, eni bwalo atavomera kuwasunga. Ndege ngati Cessna Caravan, yomwa Jet A-1, ilibe vuto limeneli.

Msewu woterapo ndi wautali, woposa makilomita 3, koma ndi umodzi wokha. Ndege ina ikafera pamenepo, kothawira ndi ku St Helena, makilomita 1,300, bwalo lodziwika ndi mphepo yotembenuka mwadzidzidzi pafupi ndi nthaka. N'chifukwa chake woyendetsa amawerengeratu malo omaliza amene angabwererepo, ndipo asanawadutse amafunsa za nyengo ndi za msewuwo. Wailesi ya masiku onse ya m'ndege (VHF) imaleka kumveka akatalikira gombe, motero pafunika ya HF, yomveka patali, kapena foni ya setilaiti. Bwato lopopa likhale pafupi ndi chitseko, osati pansi pa katundu, majekete oyandamitsa avaliretu, ndipo ELT (kachipangizo koulutsa pamene ndege yagwera) ikhale ya 406 MHz yolembetsedwa. Pakagwa ngozi yeniyeni, aike nambala ya ngozi, 7700, pa transponder (kachipangizo kodziwitsa olondolera ndege za ndegeyo), aitane pa wailesi pa 121.5 MHz. Koma wongofika popanda chilolezo n'kunamizira ngozi, asilikali amamufunsa mafunso ovuta ndipo laisensi yake imakhala pachiswe.

Potsika achenjere ndi mbalame. Dzina loti Wideawake linachokera ku mbalame za m'nyanja zimene zimaswana zambirimbiri pafupi ndi bwalolo. Atatera aime pamene wamulozera msilikali, kamera ikhale m'chikwama mpaka ataloledwa.

Potuluka m'dziko muno adzere ku Mfuwe kapena ku Lusaka, kumene kuli a kasitomu ndi oona mapasipoti. Ife tikanati mlamu wanuyo alembe ganyu woyendetsa wozolowera kuwolotsa ndege panyanja, akhale naye pampando wa kumanja.