Amuna anga athamangitsa mlongo wanga chifukwa cha mpira

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ndakhala pa banja zaka 11 ndipo tili ndi ana atatu. Bambo a kunyumba ali ndi kashopu ka penti ndi misomali ku Malangalanga. Si munthu wa akazi, mowa amangolawa mwa apo ndi apo, ndipo chikwatiranireni sanandimenyepo. Matenda awo ndi amodzi: Silver Strikers. Geti la pakhomo pathu analipenta mtundu wa mtambo ngati yunifomu ya timuyo. Jezi yawo salola kuti ndichape ine, akuti ndimaichapa ndi mtima wa Civo.

Amatero chifukwa kwathu ndife a Civo, timu ya ogwira ntchito m'boma. Malemu bambo athu anali mesenjala ku Capital Hill, ndipo Loweruka ankakweza mlongo wanga wamng'ono pa kaliyala ya njinga kuchoka ku Kawale mpaka ku Civo Stadium. Ine za mpira sizinandilowe, koma iye zinamulowa m'magazi. Pano ali ndi zaka 24, anamaliza kosi ya zamagetsi koma ntchito sinapezeke, ndiye wakhala nafe zaka ziwiri.

Poyamba zinkakoma. Ankasereulana ngati pachilamu. Bambo ankamuseka kuti timu yanu inatenga ligi mu 1987 iwe usanabadwe, ndipo mu 2016 munatuluka mu ligi. Iye ankabweza kuti inu ndi ana a ndalama za banki, poti Silver ndi timu ya Reserve Bank. Tonse tinkaseka.

Zinasintha tsiku lina Silver itagonja kwa Civo. Bambo anali ku bwalo, mlongo wanga anamvera pa wailesi pakhomo. Madzulo bambo akutsika kabaza, anapeza mlamu wawoyo atawadikirira pa geti ndi mwana wathu wamwamuna wa zaka 9, wina akuimba chivindikiro cha poto, wina akuvina, akuimba nyimbo yonyoza Silver. Maneba anatuluka n'kumaseka. Bambo sanayankhe kanthu. Nsima anakana. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinangomva chikwama chikugwera pa khonde, iwo akuti: "M'nyumba muno simugona wa Civo."

Lero ndi sabata yachitatu mlongo wanga akugona kwa mnzake ku Senti. Bambo akuti abwerera pokhapokha atavala jezi ya Silver n'kupepesa pa geti pomwepo maneba akuona. Iye akuti bola kugona pa msika. Mayi athu kumudzi akungondiimbira kuti ndataya m'bale chifukwa cha mwamuna. Mwana uja sakulankhula, bambo ake akalowa iye amatuluka. Azakhali, munthu wamkulu angapasule chibale chifukwa cha chikopa chomenyedwa ndi anyamata oti sakumudziwa n'komwe? Ndichite bwanji?

Mayi wothedwa nzeru, Area 25

Mwana wanga,

Nditawerenga za jezi yochapidwa ndi mtima wa Civo ndinaseka ndekha, koma nditafika pa mwana amene akutuluka bambo ake akalowa, kuseka kunatha.

Ndiyambe ndi mawu anu omaliza aja, a chikopa chomenyedwa ndi anyamata. Musadzawanene pamaso pa amuna anu, ngakhale pamaso pa mlongo wanu. Mukatero onse awiri adzadziwa kuti simunamve chimene chikuwapweteka, ndipo palibe adzakumvereni. Mlongo wanu akamati Civo, akukumbuka msana wa bambo ake ali pa kaliyala paja. Ndi cholowa chimene malemu anamusiyira, mwina chokhacho. Amuna anunso muwafunse tsiku lina amene anawatengera ku Silver Stadium koyamba, mudzamva dzina la munthu amene amamukonda.

Nanga n'chifukwa chiyani Civo, osati Bullets kapena Wanderers? Ndakhala mu mzinda uno nthawi yaitali ndipo ndaona kuti sapota amapirira kugonja kwa timu yakutali kusiyana ndi kugonja kwa neba. Bullets ikabwera kuchokera ku Blantyre n'kukuthibulani ku Bingu Stadium, osewera ake amakwera basi usiku womwewo n'kubwerera kwawo. Inde masapota a Maule ali ponseponse muno, koma munthu amadzitonthoza kuti wagonja kwa chimphona chimene chinatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Civo ilibe kobwerera. Bwalo lake lili ku Area 9, la Silver ku Area 47, ulendo wa kabaza. Blue Eagles ili pa Nankhaka ku Area 30, Kamuzu Barracks nayo ndi ya momwemuno. Amene wakugonjetsa Loweruka ukumana naye Lamulungu ku tchalitchi, Lolemba mukhala mpando umodzi mu minibasi ya ku tauni, masana abwera kudzagula misomali pa shopu pako akumwetulira. Ndipo wa Silver, amene timu yake inatenga ligi mu 2024 itadikira kuchokera 2013, amadziona ngati mwini mzinda. Kugonja kwa timu imene yadikira kuchokera 1987 amakumva ngati wagwetsedwa ndi mng'ono wake pa bwalo la mfumu. N'chifukwa chake muona anthu akupita ku bwalo kukachita ganyu, kuchemerera timu imene sakuidziwa n'komwe, bola neba agwe. Ena amakondwa kwambiri ndi kugwa kwa neba kuposa kupambana kwa timu yawo. Ine sindizimvetsa, koma ndasiya kuzitsutsa.

Tsono amuna anu anzawo ena onse amawasiya ku Malangalanga akatseka shopu. Wa Civo mmodzi yekha ndi amene amamupeza pa mphasa kunyumba, akusamba m'manja m'beseni limodzi.

Komabe sindikukhulupirira kuti chikwama chija chinaponyedwa ndi chigoli. Mwanena nokha kuti kwa zaka ziwiri akhala akusereulana, ndipo pa zaka ziwiri sizingatheke kuti Silver inali isanapunthwepo. Chimene chinasintha usiku umenewo ndi malo komanso mboni. Chilamu chili ndi malamulo ake ngakhale sanalembedwe. Mlamu umamuseka pa nsima, pa bawo, pa khonde, iye n'kukubwezera, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlongo wanu anatulutsa nthabwala kunja kwa geti, n'kuitanira maneba, kenako n'kutenga mwana wa mwini nyumba kumusandutsa wovina pa chitonzo cha bambo ake. Taganizani munthu amene wakhala akugula ufa, makala, sopo ndi mayunitsi a magetsi zaka ziwiri, mwinanso bizinesi sikuyenda monga mmene ambiri akudandaulira, akutsika kabaza n'kupeza amene amamudyetsa akumuimbira chivindikiro cha poto, mwana wake womubereka yekha ali mbali ya mlamu. Sanamve kuti Silver yagonja. Anamva kuti pakhomo pake salemekezedwa. Ndipo ndikukayikira kuti panali kale zina zimene ankameza: mnyamata wa zaka 24 wodzuka mochedwa, rimoti ili m'manja, foni ili pa chaja. Simunandiuze, koma inu mukudziwa ngati zilipo. Amuna ambiri sangathe kuuza mkazi kuti m'bale wako wandilemera, poopa kuoneka ouma mtima. Amadikira chifukwa china, ndipo mpira unawapatsa.

Izi sizikuwayeretsa amuna anu. Kutulutsa mwana wa eni ake 10 koloko usiku mu Lilongwe muno ndi kulakwa kwakukulu. Akanakumana ndi achifwamba pa njira ya ku Senti, lero tikukamba zina, ndipo apongozi akanawayankha chiyani? Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwini khomo amadikira kuche, n'kuitana mlamu wake pambali. Za kuvala jezi pa geti zija ndiye muzikane, mofatsa koma mosabwerera m'mbuyo. Kumeneko si kupepesa, ndi kubwezera manyazi ndi manyazi. Akavala lero, adzakhala m'nyumba mwanu ndi chotupa mu mtima, ndipo tsiku lidzafika Silver idzagonjanso, poti mpira sugwira ngongole ya munthu.

Pali funso limodzi limene ndikufuna mulifufuze mwakachetechete musanachite china chilichonse. Kodi bambowa sabetcha? Masiku ano ndikamva kuti mwamuna wakana nsima chifukwa timu yagonja, ndimayamba ndafunsa zimenezo. Ena amalira chigoli, koma ena amalira ndalama ya lendi imene yapita ndi chigolicho, ndipo ukali wa munthu woluza ndalama mobisa umagwera amene ali pafupi. Onani ngati ndalama ya pakhomo imachepa masabata a masewero akuluakulu, kapena ngati mumapeza timapepala totalika m'matumba a buluku pochapa. Ngati zilipo, mundilemberenso, chifukwa imeneyo ndi nkhani ina ndipo ndi yaikulu kuposa iyi.

Ngati mulibe, yambani ndi mlongo wanu, popeza iye ndi wanu ndipo mungamulankhule mosazungulira. Mupiteni konko ku Senti, osati pa foni. Muuzeni kuti palibe akumulanda Civo ya bambo ake, koma kuti analakwa pogwiritsa ntchito mwana komanso pochititsa manyazi mlamu wake pa gulu. Apepese pa zimenezo zokha, m'nyumba, atavala malaya ake wamba. Mawu ake akhale achidule: "Alamu, ndinapyola malire, sindinayenere kutengera mwana ku zimene zija." Mukatero mufunseni za mawa lake. Munthu wodziwa zamagetsi mu mzinda umene nyumba zikumangidwa ku Area 49, ku Area 25 konko ndi ku Airwing sayenera kumadikira kalata ya ofesi. Amuna anu amagulitsa penti ndi misomali, makasitomala awo ndi omanga nyumba. Amene angamulumikize ndi maganyu a waya ndi mlamu yemweyo amene anamuimbira poto. Ayambe kubweretsa kena kake pakhomo, ngakhale thumba la makala pa mwezi, ndipo mugwirizane nthawi imene adzapeze kachipinda kake. Ndikukuuzani, nthabwala ya munthu amene wagula ndiwo imamveka mosiyana ndi ya munthu amene wangosamba m'manja.

Amuna anu muwalankhule tsiku lopanda mpira, atadya, ana atagona. Musayambe ndi mlongo wanu, yambani ndi iwo. Auzeni kuti munaona mmene anawachititsira manyazi ndipo inunso sizinakusangalatseni. Mwina chiyambireni nkhaniyi palibe wawauza mawu amenewa, ndipo akuganiza kuti nanunso munkaseka kukhitchini. Kenako afunseni mwachindunji ngati kukhala kwa mlamu wawo pakhomo kwakhala kukuwalemera. Asiyeni alankhule mpaka amalize, ngakhale zina zikuwaweni. Pomaliza muwauze za mwana. Mnyamatayo akudziona ngati ndiye wathamangitsa amalume ake, ndipo akuopa kuti tsiku lina chikwama chogwera pa khonde chidzakhala chake. Bambo ake okha ndi amene angamuchotse mantha amenewo. Amutenge apite naye ku Silver Stadium, amugulire chimanga chootcha, amuuze kuti sanamukwiyire. Akadzasankha Civo ya amalume ake, asankhe, pakhomo pamodzi pamatha kukhala matimu awiri. Ndikudziwa nyumba zambiri muno momwe bambo ndi Noma (Wanderers), mayi ndi Maule (Bullets), ndipo ana anakula bwinobwino.

Ankhoswe musawathamangire kaye. Nkhani ikafika kwa ankhoswe imavala jekete, aliyense amayamba kuteteza mtundu wake, ndipo zimene zikanatha ndi kapu ya tiyi zimafuna mabwalo atatu. Ngati amuna anu aumirirabe za jezi pakatha sabata ziwiri, pezani mnzawo mmodzi wachikulire amene amapita naye ku mpira, wa Silver mnzawo, awauze kuti zimenezo sizichitika. Kwa sapota mnzawo adzamva msanga kusiyana ndi kwa inu kapena kwa abusa.

Mayi anu kumudzi auzeni zonse, kuphatikizapo za chivindikiro cha poto, chifukwa ndikukhulupirira kuti mwana wawo anawafotokozera kuyambira pa chikwama. Auzeni kuti simunataye m'bale, mukukonza, ndipo asawaimbire foni akamwini awo pakadali pano.

Mlongo wanu akabwerera, muike lamulo limodzi onse ali pompo: tsiku limene Silver ikumana ndi Civo, wopambana ali ndi ufulu woseka kuyambira m'mawa wa tsiku lotsatira, m'kati mwa mpanda, popanda ana ndi ziwiya za kukhitchini. Usiku wa tsiku la masewerolo aliyense adye nsima yake mwakachetechete. Ndipo jezi ija apitirize kuchapa okha, yakuchepetserani ntchito.

Azakhali