Bandulo ikutha msanga, wotchi ya seva ikunama: muyambire pati?

Kalata ya lero yachokera kwa bambo wina amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota. Ali ndi seva ya Ubuntu pa kompyuta yakale, intaneti yawo ndi ya rauta ya 4G. Bandulo ya mwezi ikutha masiku asanakwane, ndipo magetsi akathima n'kubweranso, seva imadzuka ndi deti lolakwika. Akufunsa ngati pali njira yopepuka yoyang'anira zonsezi popanda kuika mapulogalamu akuluakulu oyang'anira maseva ngati Zabbix kapena Grafana.

Bambo, njira ilipo, koma yambani ndi wotchi. Manambala a data olembedwa pa nthawi yabodza sangakuuzeni kuti bandulo inathera ola liti.

Seva ikamaiwala deti nthawi iliyonse magetsi akathima, kawirikawiri wolakwa ndi kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, ka mavolti 3. Kasintheni musanalembe chilichonse. Raspberry Pi 4 ndi zam'mbuyo mwake zilibe n'komwe wotchi yamkati, zimafuna kachipangizo ngati DS3231. Deti lolakwika si nkhani yochepa: masatifiketi a HTTPS amakanidwa, apt imakana kukoka zatsopano, ndipo makodi olowera aja osintha masekondi 30 aliwonse sagwirizananso.

Kenako ikani chrony, pulogalamu yokonza wotchi pofunsa nthawi pa intaneti, m'malo mwa systemd-timesyncd yomwe siuza munthu zambiri. Mu /etc/chrony/chrony.conf mukhale mizere iyi:

pool africa.pool.ntp.org iburst
makestep 1 3
rtcsync

Mzere wachiwiriwo ndiye wofunika kuumvetsa. Ukutanthauza kuti wotchi ikasiyana ndi nthawi yeniyeni kupitirira sekondi imodzi, chrony iilumphitse kamodzi n'kamodzi, koma pa maulendo atatu oyamba okha pambuyo podzuka. Kupitirira apo imangoikankha pang'onopang'ono, ndipo liwiro lake silidutsa sekondi imodzi pa masekondi 12 aliwonse. Choncho wotchi yotsalira ndi ola limodzi imafuna maola 12 kuti ilongosoke. Ena amalemba makestep 1 -1 kuti izilumpha nthawi ina iliyonse. Pa seva yosunga mafayilo palibe vuto, koma ngati pali database ya malonda ndi malisiti musatero, chifukwa nthawi ikabwerera m'mbuyo lisiti la pambuyo limaoneka ngati linatuluka poyamba. Mzere wa rtcsync umalemba nthawi yolondola mu wotchi yamkati mphindi 11 zilizonse.

Musadabwe kuona wotchi ikusuntha kwambiri m'nyengo yotentha. Kamwala koyendetsa wotchi kamasintha liwiro malinga ndi kutentha, ndipo kunyanja kuno mwezi wa October si wocheza. Chigawo cha nthawi chikhale Africa/Blantyre, maola awiri kutsogolo kwa UTC. Onaninso kuti rauta siikutseka UDP pa port 123. Za bandulo musade nkhawa ndi NTP, njira yomwe chrony imafunsira nthawi: uthenga wake ndi wa mabayiti 48, ndipo ngakhale mutamafunsa maseva anayi masekondi 64 aliwonse, pa tsiku simungafike 1 MB.

Tsopano kapulogalamu koyezera data. Linux imawerenga kale mabayiti onse olowa ndi otuluka, inu mungowatola. Dzina la khadi la netiweki mulipeze ndi ip link, muliike m'malo mwa enp2s0 pansipa, kenako sungani izi mu /usr/local/bin/yeza.sh:

#!/bin/sh
d=/sys/class/net/enp2s0/statistics
t=$(chronyc -c tracking | cut -d, -f5,14)
echo "$(date +%s),$(cat $d/rx_bytes),$(cat $d/tx_bytes),$t" >> /var/log/yeza.csv

Kapatseni chilolezo ndi chmod +x, ndipo mu fayilo /etc/cron.d/yeza lembani:

*/5 * * * * root /usr/local/bin/yeza.sh

Izi zikupatsani mizere 288 pa tsiku. Pali misampha iwiri ya cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, yomwe imagwira ngakhale akatswiri. Dzina la fayilo ya mu /etc/cron.d likakhala ndi kadontho, Ubuntu ndi Debian zimaidumpha mwakachetechete. Ndipo chizindikiro cha % chikalembedwa mu mzere wa cron momwemo chimadula lamulo pakati, n'chifukwa chake date +%s tamuika mkati mwa script.

Mu script muja -f5,14 ikutola magawo awiri a yankho la chrony, ndipo gawo la 14 musalichotse. Gawo la 5 ndi kusiyana kwa wotchi m'masekondi, koma chrony ikapanda kupeza seva iliyonse likhoza kuonetsa ziro ngati zonse zili bwino. Gawo la 14 ndi limene limanena zoona: Normal kapena Not synchronised.

Powerenga, chotsani nambala ya mzere wam'mbuyo ku ya mzere wotsatira. Yankho likatuluka lochepera ziro ndiye kuti seva inazima n'kuyambiranso kuwerenga, choncho tengani nambala yatsopanoyo momwe ilili. Ngati masamu amenewa akukutopetsani, vnstat imachita zomwezi ndipo imakumbukira ngakhale magetsi athime. Lamulo la vnstat -h limaonetsa ola ndi ola.

Koma apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Manambala amenewa akuphatikiza ndi mafayilo opita ku makompyuta a mu ofesi momwemo, omwe sadya bandulo. Kuti muone zolowa kuchokera kunja zokha, ikani lamulo longowerenga ili, ndipo m'malo mwa 192.168.1.0/24 muike maadiresi a netiweki ya mu ofesi mwanu:

iptables -I INPUT ! -i lo ! -s 192.168.1.0/24

Muziwerenga ndi iptables -nvxL INPUT, ndipo lamuloli limafufutika seva ikazima pokhapokha mutalisunga. Ngati nambala ya kunjayo ikukwera pa maola ofanana tsiku lililonse, kayikirani mapulogalamu okoka okha zatsopano, unattended-upgrades ndi snap, yomwe imafufuza zatsopano kanayi pa tsiku. Lamulo la snap refresh --time likuuzani nthawi yake, ndipo nethogs yotsegulidwa pa ola limenelo ikuonetsani pulogalamu yeniyeni.

Ngati nambala ya kunjayo ili yochepa poyerekeza ndi bandulo yomwe yatha, seva isiyeni. Siona chilichonse chodutsa pa WiFi kupita m'mafoni a antchito ndi alendo. Lowani pa tsamba la rauta, onani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, sinthani pasiwedi, kenako yerekezerani zotsala za bandulo m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi.