Yankho kwa alamu pa za makina ophikira khofi wa espresso aja

Alamu, uthenga wanu ndaumva, chithunzi chija ndachionanso. Mukuti madzi akutuluka otuwa, muli tizinyenyeswa, ndiye mukufunsa ngati muthiremo viniga. Ayi, viniga musiyeni kaye. Amasiya fungo, komanso amawononga malabala. Makinawo musawayatsenso mpaka mutawatsegula.

Zulani pulagi, azizire bwinobwino. Musanachotse waya ngakhale mmodzi jambulani ndi foni, chifukwa mawaya a pa boila (kamphika kotenthetsa madzi m'kati mwa makinawo) ndi ofanana, pobwezera mutu ungakuzungulireni.

Tsono nkhani yagona pa chitsulo cha boila. Anuwo ndi Gaggia Classic akale, boila yake ndi ya aluminiyamu, ndipo inakhala pamwamba pa chigawo cha brass (chitsulo chachikasu chija) chomwe chimatulutsa madzi. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija ayi. Lake ndi ufa wotuwa, mukaupala pansi pake mumapeza timaenje ting'onoting'ono. Zitsulo ziwiri zosiyana zikamakhudzana m'madzi, imene imadyeka ndi aluminiyamuyo, makamaka ngati makina anakhala zaka madzi ali m'kati. Zoyera zolimba, zokakamira ngati za m'ketulo zija, ndi zina, ameneyo ndi laimu wa m'madzi. Zobiriwira mukaziona, dziwani kuti zachokera ku brass.

Chimene ndikukaniza kungothira mankhwala m'thanki n'kuyatsa pampu n'chakuti zinyenyeswa zikamatuka zimapita kukatseka kabowo ka solenoid (kavalavu ka magetsi kotsegula ndi kutseka njira ya madzi), kabowo kake n'kochepetsetsa. Basi madzi osatulukanso, mwadzipezera vuto lachiwiri.

Mabawuti ogwira boila alipo anayi, ndipo kawirikawiri amakhala atakakamira. Athireni mafuta omasulira, agone usiku wonse. Chonde musalimbane nawo ndi mphamvu, likathyokera m'kati ndi ntchito ina yaikulu.

Mukatsegula, za brass zija muziviike mu citric acid (ufa wowawasa ngati mandimu), masupuni aakulu awiri pa lita imodzi ya madzi ofunda. Boilayo musaimize yonse, malo olumikiza magetsi asanyowe. Ingothirani madzi a citric acid omwewo m'kati mwake mphindi 15 kapena 20, kenako kwechani ndi burashi ya pulasitiki n'kutsukuluza kwambiri. Kositiki soda, ngakhale ufa wotsukira mafuta a khofi uja, zisayandikire aluminiyamu, zimamudya ndi kumudetsa.

Apa ndiye mumvetsere, alamu. Pamene boila imakumana ndi brass, pokhala gasiketi (kalabala koletsa madzi kudontha) paja, ndi pamene pamadyeka kwambiri. Ikani sandipepa yosalala pa galasi, muinyowetse, muzisisita boilayo mozungulira pang'onopang'ono mpaka pakhale see. Gasiketi ikani yatsopano, yakale ngakhale ioneke yabwino itayeni. Koma ngati maenje ndi akuya moti chikhadabo chikukodwa, kapena paboola, musamate ndi guluu. Khofi ameneyu amafuna mphamvu ya madzi pafupifupi mabaa 9 (baa ndi muyeso wa kukankha kwa madzi), madziwo otentha kupitirira madigiri 90, magetsi ali pompo. Boila zatsopano za makina amenewa zimapezeka, gulani ina. Makinawo ndi olimba, n'ngoyenera kuwakonza, ine zingandiwawe mutawataya.

Mukamanga, wodziwa zamagetsi ayeze ndi mita ngati element (chotenthetsa boilayo) sikudutsitsa moto ku thupi la makina. Kenako tulutsani madzi m'kapu yoyera mpaka aoneke mbee, khofi woyambayo mutaye. Kutsogoloku muzithira madzi osefa, ndipo mukafuna kuwasunga nthawi yaitali muzikhuthula boila.

Mukangotsegula munditumizire chithunzi cha pokhala gasiketi paja, chapafupi, powala bwino, tione ngati boilayo ingapulumuke.