R yanuyo musaifufute, funsani kaye za impact parameter

Achemwali, mwalemba kuti R yanu, chiwerengero choyeza mmene ma neutron ndi ma proton amasakanikirana ma nucleus awiri akagundana (isospin diffusion), ikusemphana ndi code ya simulation. Musakhudzenso calibration yanu! Kuti R ikukana kugwirizana ndi code sizikutanthauza kuti vuto lili kwa inu. Ndawerenga zanuzi mtima ukuwira, chifukwa ineyo anandiyalutsa nazo zomwezi.

Masystem anayi onse ogundanitsa ma nucleus ndinali nawo, awiri a ma nucleus ofanana ndi awiri osakaniza, ndikuyeza N/Z (ma neutron poyerekeza ndi ma proton) ya quasi-projectile, chotsala cha nucleus yoponyedwayo. Mkulu wina wa m'gulu lathu ndiye ankayendetsa QMD, code ya simulation ya kugundanaku, ndipo ma input file ake sankalola munthu kuwaona. Ndikapempha, ati "muzingoona za data inu." Tsiku la msonkhano wa collaboration ndinaika plot yanga, mapointi anga ali pansi, kuyandikira ku 0 (kutanthauza kuti kusakanikirana kwatsala pang'ono kukwanira), mizere yake yonse ili pamwamba, ya soft ndi ya stiff yomwe (mitundu iwiri ya symmetry energy, mphamvu yowonjezera imene nucleus imakhala nayo ma neutron ndi ma proton akapanda kufanana: ya soft imakwera pang'onopang'ono ndi density, ya stiff mofulumira). Ndisanamalize n'kulankhula komwe, bamboyo anaimirira, kupita pa screen, kuloza ndi chala. Ati ndasakaniza ma isotope, ati ndibwerere ndikaphunzire kuwerenga ΔE-E, plot yozindikirira ma isotope mu detector. Pamaso pa anthu onsewo, ena ali pa intaneti akumvera. Kukamwa kunauma gwa, manja akunjenjemera, slide yotsatira osaiona n'komwe. Supervisor wanga anangozyolika pa laptop. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chimenecho, munthu amene ankadziwa ntchito yanga osatsegula pakamwa.

Ndinachezera usiku wambiri ndikujambulanso ma gate (malire osiyanitsira ma isotope pa plot) a Li ndi Be limodzilimodzi, R osasuntha. Kenaka postdoc wina anandimvera chisoni n'kundionetsa file ija mwakabisira. Impact parameter (b, mmene mapakati a ma nucleus awiriwo aphonyerana pogundana) imodzi yokha, ya peripheral kwambiri, yongokhudzana m'mbali! Pomwe cut yanga, kasankhidwe kanga ka ma event, inali ndi ma event a semi-central ambirimbiri. Nanga ma nucleus akakhudzana nthawi yaitali si ndiye ma neutron amapeza mpata wowolokera pa neck, kamlatho kolumikiza ma nucleus awiriwo, R n'kutsika? Filter ya detector mkulu uja sanaikemo. GEMINI, code yowerengera secondary decay (kuzizira kwa ma fragment otentha), sanayendetse, ankayerekeza ma primary fragment otentha ndi anga ozizira kale. Kupepesa? Mpaka lero, ndipo pa paper dzina lake lili patsogolo pa langa.

Anthuwa amaiwala mbiri ya ntchito yawo yomwe. Data ya Sn-124 ndi Sn-112 ya ku Michigan State, pa 50 MeV pa nucleon, itatuluka mu 2004 inkaoneka kuti ikufuna symmetry energy ya stiff kwambiri. Mu 2005 ena anaikamo momentum dependence mu code ya BUU, yankho n'kufewa. Pofika 2009 code ina, ImQMD, inalifewetsanso. Data yomweyo, osasinthidwa! Ndiye wina azikuuzani kuti code yake ndi choonadi? N'chifukwa chake TMEP, ntchito yoyerekeza ma code amenewa, ilipo, ma code amasemphana okhaokha ngakhale muwapatse input yofanana.

Musaiwalenso kuti neck ili pansi pa saturation density, 0.16 fm⁻³, komwe symmetry energy ili cha pa 32 MeV. Pansi pa pamenepo ya soft ndiyo imakula, ndiye ndiyo imafulumizitsa diffusion. Ambiri amasokoneza pamenepa. Drift, kusuntha kobwera chifukwa cha kusiyana kwa density, nayonso imakokera ma neutron ku density yochepa, choncho ma fragment a ku mid-rapidity, ochokera cha pa neck, musawasakanize ndi a quasi-projectile. Onani mmene a gulu la ma detector a INDRA-FAZIA ku labotale ya GANIL ku France anachitira ndi Ni-58 ndi Ni-64: anasanja R malinga ndi centrality (kaya kugundana n'kwa pakati kapena m'mbali), ndipo pa 32 MeV pa nucleon equilibration inaposa ya pa 52.

Tsono inu musakangane nawo akuluakuluwo, simupambana, ndipo kalata yokuchitirani umboni pofuna ntchito idzachokera kwa iwo omwewo. Apempheni mwaulemu, koma kudzera pa email kuti pakhale umboni. Akakana, yendetsani nokha code ina, ma b ambiri, mudutsitse mu filter, musankhe centrality ndi observable yomweyo mwagwiritsa pa data. Za secondary decay musataye nazo tulo kwambiri, R anaipangira kuti zambiri zoterozo zizifafanizika. Komabe GEMINI yendetsani. Ndipo ma gate anuwo, ngakhale ndati musawakhudze, awoneninso kamodzi msonkhano usanafike, makamaka Be-7. Tiuzeni pano cut yomwe mwagwiritsa ntchito.